Kuukitsa kamutu ka sitima ya malasha: kukonza, kupenta ndi kukalambitsa Jinty yakale

Kamutu ka sitima kamene ndinaphunzirirapo ntchitoyi ndinakapeza m'katoni ya zidole, pa msika wa Lamlungu m'mawa kuno ku England, kuja anthu amagulitsira katundu wakale kumbuyo kwa galimoto zawo. Kanali ka Tri-ang, kampani yakale yopanga masitima azidole. Wina anakapaka penti wobiriwira wa pachitseko, wokhuthala ngati phala, koma nambala 47606 inkaonekerabe pansi pake. Mawilo anali gwa, osatembenuka. Nditafika nako kunyumba mtima unathamangira ku penti: ndinakapala, ndinakapenta bii, n'kukadikirira sabata yathunthu kuti kaume. Tsiku lokaika pa njanji kanangoti zii. Ndinachita kukatsegula ndi zala za oilo, sikuludilaiva inaterereka n'kukanda thanki, ndipo ntchito ya sabata ija inabwereranso m'beseni.

N'chifukwa chake malangizo awa ndawasanja motere. Sitima iyambe yayenda. Ikayenda, muiveke tizida. Penti abwere pambuyo, ndipo litsiro la ukalamba likhale lomaliza.

Kamutu kanga kaja ndi ka mtundu wa Jinty, ndipo ndigwiritsa ntchito Jinty yomweyo monga chitsanzo. Jinty yeniyeni inali mutu wa sitima wa kampani ya LMS ku Britain. Anapanga mitu 422 pakati pa 1924 ndi 1931, ya mawilo asanu ndi limodzi, yonyamula madzi ake m'mathanki a m'mbali ndi malasha m'kankhokwe ka kumbuyo. Ntchito yake yaikulu inali kukankha ndi kusanja mabogi m'mabwalo a sitima. Njanji zitalowa m'manja mwa boma mu 1948 inapatsidwa manambala 47260 mpaka 47681, ndipo yomaliza inapuma mu 1967. Kwa wophunzira palibe ina yoposa iyi: ndi yakuda yokhayokha, ilibe mizere yokongoletsa, ilibe zitsulo zambirimbiri zopiringizana kunja kwa mawilo, ndipo ya Tri-ang imapezeka motchipa chifukwa anaipanga yambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Muyeso wake ndi OO, kutanthauza kuti n'chocheperako ka 76 poyerekeza ndi chenichenicho, ndipo imayenda pa njanji zotalikirana mamilimita 16.5. Zonse ndinene pano zigwiranso pa HO, ya 1:87, imene imayenda pa njanji zomwezo.

1. Musanagwire mpeni, onani chimene mwagula

Funso loyamba ndi lakuti kodi sitimayi njoyenera kuikhudza. Sitima yopangidwa ndi Hornby Dublo kapena Wrenn ya penti wake wa kufakitale, ili m'bokosi lake, ingopukutani fumbi, muithire oilo, muisiye. Kuipenta n'kuichotsera mtengo ndi mbiri. Yoti muchitepo opaleshoni ndi ija yokandikakandika, yothyoka sitepe, yopakidwa kale ndi munthu wina.

Kenako itembenuzeni chagada, muyang'anitsitse chasisi pa kuwala. Mitu yambiri ili ndi chasisi ya chitsulo chosungunula chotchedwa mazak, chimene mbali yake yaikulu ndi zinki. Ngati posungunula munalowa mtovu ngakhale pang'ono, pakapita zaka chitsulocho chimafufuma, chimachita ming'alu ngati dothi la m'dambo mu Okutobala, n'kumanyenyeka m'manja. Matenda amenewa alibe mankhwala, ndipo guluu angokuchedwetsani. Bodi ikhoza kunyezimira phuliphuli chasisi itafa kale, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mukaona ming'aluyo, gulani pokhapokha ngati mukufuna bodi yokha.

Yang'ananinso ngati bodi njowongoka. Zoyambirira za Tri-ang anazipanga ndi pulasitiki ya acetate imene imapindika ngati nthochi ikakalamba. Cha pakati pa zaka za m'ma 1950 anasinthira ku polystyrene, imene siipindika chotero. Yopindikayo simungaiwongole mokhalitsa.

Chomaliza pa sitepe iyi ndi chithunzi. Sakani pa intaneti chithunzi cha mutu weniweni, cha nambala imene mukufuna, chodziwika chaka. Musadalire zokumbukira kapena chidole cha mnzanu. Ma Jinty sanali ofanana onse: ena anali ndi mapaipi a mabuleki kutsogolo, ena analibe. Chizindikiro cha British Railways, kampani ya njanji ya boma, pa thanki nacho chinasintha mu 1956, kuchoka pa mkango woimirira pamwamba pa wilo kupita pa mkango wotuluka m'chisoti chachifumu utanyamula wilo, ngakhale mitu yambiri inayendabe ndi chakalecho zaka zingapo. Chithunzi chimenechi chisindikizeni, chikhale patsogolo panu mpaka ntchito itatha.

2. Zida

Simufunika shopu yathunthu. Masikuludilaiva ang'onoang'ono a okonza mawotchi, kampeni kakuthwa ka tsamba losintha, timafayilo, kapulayala kosongoka, chotsinira, sandipepa ya 600 ndi 1000, kachida koboolera pamanja kotchedwa pin vice ndi timano take ta 0.5 mpaka 1.0 mm, zotokosera m'mano, timitengo ta thonje totsukira m'makutu, mswachi wakale, spiriti wotsukira wotchedwa isopropyl alcohol, batire ya 9 V ija ya makona anayi, ndi thireyi ya mazira yosungiramo masikuluu. Gwirirani ntchito pa thaulo loyera. Kasipuling'i kakadumpha pa tebulo lopanda kanthu, mudzakwawa pansi mpaka usiku.

3. Iyambe yayenda

Gunditsani timitu tiwiri ta batire ija pa mawilo, wina mbali iyi wina mbali inayo. Ikang'ung'udza osayenda, chotsani msanga, chifukwa mota yomangika imapsa. Musaiike pa njanji za DCC (njira yowongolera masitima mwa digito, imene njanji zimakhala ndi magetsi nthawi zonse) sitima yakale yopanda kachipangizo ka DCC, mota yake ikhoza kupsa ili chiimire. Ndipo ngati munagulira limodzi ndi kabokosi kakale kowongolera liwiro, ka chingwe chong'aluka, musakalowetse pa magetsi a m'nyumba.

Masulani sikuluu yogwira bodi, ndipo musanachotse china chilichonse jambulani ndi foni. Jambulaninso pa chilichonse chimene mwachotsa. Mawa simudzakumbukira kuti waya uja anadutsa pansi kapena pamwamba.

M'kati mudzapeza mota ya mtundu wa X04, yotseguka, yoti chilichonse chikuonekera. Matenda ake ndi atatu, ndipo kawirikawiri amabwera pamodzi.

Loyamba ndi girizi wakale. Pakatha zaka 50 amauma ngati phula, n'kumanga giya yopotana ya pa mota ndi giya ya pa ekiselo. Tokosani ndi chotokosera m'mano, tsukani ndi isopropyl ndi mswachi. Pa maekiselo mudzapeza tsitsi ndi ulusi wa kapeti zitakulungana. Zikokeni ndi chotsinira, ndipo mudzadabwa kuchuluka kwake.

Lachiwiri lili pa commutator, kamkuwa kozungulira kogawidwa patatu kamene mabulashi awiri a kaboni amatsamirapo. Kamayenera kuwala ngati khobidi latsopano. Kapukuteni ndi thonje la isopropyl, kenako dutsitsani nsonga ya chotokosera m'mano m'timipata titatu tija. M'menemo mumadzaza fumbi la kaboni losakanikirana ndi oilo, ndipo fumbilo limadutsitsa magetsi pamene sayenera kudutsa, mota n'kumatentha, kumathetheka moto, mphamvu palibe. Musatokose ndi singano kapena mpeni, mungadule tiwaya topyapyala tokulungidwa pafupi pomwepo. Mabulashi akatha asintheni onse awiri. Onetsetsani kuti kachubu kotchinga magetsi kali pa mwendo umodzi wa sipuling'i yogwira mabulashi. Kakasowa, magetsi amangodutsa njira yachidule.

Lachitatu ndi maginito. Apa ndikupemphani: musawachotse m'mota pofuna kutsuka. Maginito akalewa amataya mphamvu nthawi yomweyo mukawatulutsa m'zitsulo zake. Akafooka, mota imakoka magetsi ambiri, imatentha, ndipo imayenda mwaulesi. Ngati mwatsuka zonse koma mota ikutenthabe pakangopita mphindi zochepa, funani munthu wa makina obwezeretsa mphamvu ya maginito, kapena ikani atsopano a neodymium opangidwira X04. M'makalabu a masitima aang'ono simulephera kupezeka bambo wachikulire wodziwa zimenezi. Funsani, safunsa anadya phula.

Mota ili pambali, kankhani chasisi ndi chala pa njanji. Iyenera kuyenda myaa. Ikamagwira pamalo amodzimodzi pa kuzungulira kulikonse, yang'anani mikono yolumikiza mawilo ngati yapindika, kenako onani ngati wilo lina silinaterereke pa ekiselo. Zikhomo za mikonoyi mbali imodzi zimatsogola ndi madigiri 90 poyerekeza ndi mbali inayo, ndipo maekiselo onse atatu ayenera kugwirizana. Limodzi likasemphana pang'ono, sitima imatsimphina. Tsukani mawilo pamene amaponda njanji ndi kumbuyo kwake kumene tiwaya totola magetsi timakhudza, mpaka thonje lituluke loyera. Mawilo a Tri-ang ali ndi milomo yaitali. Pa njanji zokhuthala za Code 100 amayenda, koma pa zopyapyala za Code 75 amagunda pansi. Mpata wa pakati pa misana ya mawilo umene njanji za masiku ano zimafuna ndi pafupifupi 14.5 mm, ndipo akalewa nthawi zambiri amachepera pamenepo, n'chifukwa chake amadumpha pa mphambano.

Tsono oilo. Ngati pali chimene chapha masitima aang'ono ambiri, ndi chikondi cha oilo. Gwiritsani ntchito wopepuka wolembedwa kuti sawononga pulasitiki, monga Labelle 108. Viikani nsonga ya singano, kadontho kamodzi pa beringi iliyonse ya mota, kamodzi pa ekiselo iliyonse, kamodzi pa chikhomo chilichonse cha mikono, ndi kagirizi kochepa ngati njere ya mpiru pa giya. Pa commutator ndi pa mabulashi pasafike oilo ngakhale pang'ono. WD-40 musiyeni ku njinga. Mukatha, bwezerani mota, muiyendetse chasisi yokha theka la ola kutsogolo, theka la ola chambuyo, pa liwiro lapakati. Ikamatha kukwawa ngati nkhono osaima, ikani m'bokosi lotseka, mutembenukire ku bodi.

4. Kuchotsa penti wakale

Thinala wa penti wa galimoto ndi acetone zimasungunula polystyrene, zisayandikire. Mafuta a mabuleki amachotsa penti koma pulasitiki ina amaisiya yofwamphuka. Chimene ine ndimakhulupirira pa bodi ya pulasitiki ndi Dettol yofiirira ija ya masiku onse, yosathira madzi. Yesani kaye kadontho m'kati mwa bodi. Ngati sipanafewe, miizani bodi yonse m'kontena yotseka usiku umodzi, m'mawa tsukani ndi mswachi muli momwemo mu Dettol.

Chinsinsi chake n'chakuti madzi asakhudze penti asanachoke yense. Madzi akangokhudza, penti wofewayo amasanduka ulimbo womata paliponse. Yambani mwapukuta ndi isopropyl kapena sopo wa mbale wosasungunula, ndiyeno madzi ofunda. Valani magolovesi, apo ayi khungu la m'zala lidzasupuka, ndipo mphaka asayandikire chifukwa Dettol kwa mphaka ndi poizoni. Penti wouma mutu amafuna kumiizidwa kawiri kapena katatu. M'makona tokosani ndi chotokosera m'mano. Mudzaona timitu ta misomali ndi timizere timene penti wokhuthala anakwirira tikutuluka, ndipo mudzazindikira kuti amene anasema chikombole chija anali mmisiri.

5. Kuiveka tizida

Apa ndi pamene chidole chimayamba kusanduka sitima, ndiponso ndi pamene munthu amafuna kuchita zonse. Jinty ya Tri-ang si yolondola miyeso ngati ya Bachmann ya masiku ano, ndipo simungaisandutse yotero. Sankhani zinthu zochepa zimene diso limayamba kuona.

Choyamba ndi zogwirira za m'mbali mwa boila ndi pakhomo la kanyumba ka woyendetsa. Pa zakalezi anangoziumba ngati mzere wotukuka. Palani mzerewo ndi tsamba latsopano, pang'onopang'ono, ngati mukusenda mbatata yaing'ono, osafuna kuchotsa wonse kamodzi. Matani tepi mbali zonse ziwiri kuti musadye timitu ta misomali. Musanamalize kupala, bayani kachizindikiro ndi singano pamene panali timiyendo, kuti mudziwe poboola. Salazani ndi sandipepa ya 600 yonyowa, kenako ya 1000. Boolani ndi dzanja, osati ndi makina, chifukwa kutentha kwa makina kumasungunula pulasitiki. Timiyendo ta mkuwa togwira zogwirira amagulitsa okonzeka, monga ta Alan Gibson ndi Markits, tatifupi, tapakati ndi tatitali. Waya wake ndi wa 0.45 mm, amene pa muyeso wa OO akuimira chitsulo cha mamilimita pafupifupi 34, chokwana bwino m'dzanja la munthu. Lowetsani timiyendo tonse pa waya kaye, kenako mutilowetse m'mabowo. Waya ndiye amatiwongola. Yang'anani kuchokera kutsogolo ngati mlenje akuyang'ana muvi wake, ndipo mukakhutira donthezani guluu wa supa m'kati mwa bodi ndi nsonga ya singano. Chogwirira chokhota chimaoneka kuchokera kutali kuposa chosowa.

Chachiwiri ndi tizitsulo topachikapo nyali: titatu pamwamba pa thabwa lofiira la mabafa (zitsulo zogundirana ndi mabogi), kamodzi pamwamba pa chitseko chozungulira cha kutsogolo, ndi tina kumbuyo kwa nkhokwe ya malasha. Mawaya a sitepula aang'ono, odulidwa ndi kupindidwa, amakwanira. Musangowamata pamwamba, adzathothoka. Boolani, mulowetse mwendo.

Chachitatu, boolani chumuni kuti ikhale ndi dzenje lenileni, muchotse ndi mzere wa chikombole umene umayenda pamsana pa boila kudutsa pa chumuni ndi pa chipewa cha nthunzi. Chikolowero chachikulu cha Tri-ang chakutsogolo chichotseni ngati simudzakokera mbali imeneyo, muikepo kambedza ndi unyolo wake, ndi paipi ya mabuleki ngati chithunzi chanu chikuionetsa.

Tizida tina timabwera ta chitsulo chofewa chotchedwa whitemetal. Timeneti timasungunuka msanga. Ofuna kuwotcherera amagwiritsa ntchito sodala wa madigiri 70, koma pa bodi ya pulasitiki guluu wa epoxy ndi wokwanira. Mukafuna kulemeretsa sitima ndi timipira ta mtovu m'mathanki, musatimate ndi guluu woyera wa matabwa. Mtovu ndi guluu ameneyu zimadyana pang'onopang'ono, zimafufuma, ndipo pakapita zaka thanki imang'ambika yokha. Matani ndi epoxy. Sambani m'manja mukagwira mtovu.

Magalasi, anthu a m'kanyumba ndi malasha zidikire, zidzalowa penti atatha.

6. Penti

Tsukani bodi ndi madzi ofunda ndi sopo wa mbale, tsukuluzani bwino, iume usiku wonse pansi pa kontena yovundikira. Kuyambira pano musaigwire ndi zala. Ilowetseni pa kamtengo kapena pa chubu cha katoni kuti mukhale ndi chogwirira.

Yambani ndi pulaima wotuwa wa m'chitini chopopera, wolembedwa kuti ndi wa pulasitiki. Ngati bodi njamkuwa pamafunika etch primer, amene amaluma chitsulo. Imikani chitinicho m'madzi ofunda, osati otentha, mphindi zingapo, chikhutchumuleni mphindi ziwiri zathunthu. Popani muli kutali masentimita 20 mpaka 30, kuyambira panja pa bodi n'kukathera panja mbali inayo, dzanja osaima. Ulendo woyamba pulasitiki izionekerabe. Dikirani mphindi 15, bwerezani. Pulaima ndi mboni yosanama: paliponse pamene munapala mosasamala padzaonekera. Salazani, tsekani maenje ndi filler, popaninso. Musapitirire mukuganiza kuti wakuda adzabisa, sabisa.

Sankhani tsiku louma. Chinyezi chimachititsa penti ndi vanishi kuchita nkhungu yoyera, choncho amene muli kumudzi pewani masiku a mvula ndi a chiperoni, ndipo m'chilimwe wazani madzi pansi kuti fumbi ligone. Popani panja kapena pa windo lotsegula, mutavala chotchinga mphuno chosefa mpweya wa penti, osati kansalu wamba.

Mutu wa sitima wakuda sumapentedwa wakuda bii. Wakuda weniweni pa kanthu kakang'ono chonchi amameza zonse, mumangoona chibulumwa. Ine ndimatenga penti wa Humbrol nambala 85, wakuda wonyezimira pang'ono, n'kudonthezamo pang'ono 62, wa mtundu wa chikopa. Mbali ya kutsogolo kwa boila kumene utsi umasonkhana, chumuni, ndi denga la kanyumba ndimapaka 33, wakuda wosanyezimira, chifukwa pa mutu weniweni malo amenewa amapsa ndi kutentha. Kusiyana pang'ono kumeneku ndiko kumapatsa sitima moyo. Ndi airbrush, kachida kopopera penti ndi mphepo, sungunulani penti akhale ngati mkaka, mphamvu ya mphepo ikhale pakati pa 15 ndi 25 psi. Ngati mulibe, bulashi yafulati yofewa imagwira ntchito: penti wosungunula bwino, maulendo atatu opyapyala, kukoka kuchokera pamwamba kutsika pansi, osabwerera pamene payamba kuuma. Penti wa mafuta mpatseni maola 24 pakati pa ulendo ndi ulendo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikamanunkhabe penti mukainunkhiza, sinaume.

Thabwa la mabafa ndi lofiira, koma wofiira pa wakuda saoneka. Yambani mwapaka woyera kapena wotuwa, kenako Humbrol 60. M'mbali mwa mawilo ndi chasisi pakani wakuda wosakaniza ndi 62, osafika pamene wilo limaponda njanji kapena pamene tiwaya timakhudza.

7. Manambala ndi chizindikiro

Pa Jinty ya British Railways nambala imakhala pa nkhokwe ya malasha, chizindikiro pakati pa thanki. Ma transfer ake, timapepala ta manambala tomata ndi madzi, amagulitsa makampani monga Fox. Pamalo pomata pakani kaye vanishi wonyezimira, aume. Pa penti wosanyezimira mpweya umatsekeredwa pansi pa transfer, n'kumaoneka ngati kasiliva kuzungulira nambala. Matani tepi yowongoka ngati mzere wotsatira, yambani ndi nambala yapakati, muzipita uku ndi uku. Viikani m'madzi ofunda masekondi ochepa, tsetseretsani ndi bulashi yonyowa, finyani madzi ndi thonje. Mankhwala otchedwa Micro Sol amafewetsa transfer kuti igone pa timitu ta misomali. Ikayamba kukwinyika musaikhudze, idzawongoka yokha pouma. Musaiwale kanambala ka pa chitseko cha kutsogolo. Mawa lake phimbani bodi yonse ndi vanishi wonyezimira pang'ono, mutamuyesa kaye pa chinthu china.

8. Kukalambitsa

Iyi ndi mbali imene ndimaikonda, ndipo ndi imene anthu amaononga sitima zabwino. Litsiro la pa mutu wa sitima lili ndi kumene limachokera ndi kumene limapita. Mukadziwa zimenezi simungapake mwachisawawa.

Mwaye umatuluka m'chumuni n'kugwera pamsana pa boila, pamwamba pa mathanki ndi pa denga, ndipo mvula imautsitsa m'mbali m'timizere toongoka. Fumbi la njanji ndi la mabuleki limakwera kuchokera pansi, lofiirira, lochuluka pa mawilo ndi pa chasisi, lochepa mukamakwera. Phulusa lotuwa limakhala pansi pa chitseko cha kutsogolo, pamene ankafosholera zinyalala za utsi, ndi pansi pa ng'anjo pakati pa mawilo akumbuyo. Madzi amatayikira pa zivundikiro za mathanki n'kusiya mizere yonyowa. Pamene nthunzi imadontha, monga pa wezulo ndi pa mavavu a pamsana, pamatsala timizere toyererako ta laimu. Mikono ya mawilo siichita dzimbiri pa mutu wogwira ntchito, imakhala yonona ndi oilo wakuda. Dzimbiri lenileni limapezeka m'kati mwa nkhokwe ya malasha, pa mabuleki, ndi pamene kutentha kwadya penti.

Ngati mungathe, kaoneni mutu weniweni. Ku Butterley m'dera la Derbyshire amasunga ma Jinty. Kwathu kuli mutu wa sitima ya malasha pabwalo la nyumba yosungira zakale ku Chichiri mu Blantyre, ndipo ku Livingstone ndi ku Bulawayo kuli nyumba zosungira za njanji. Kumeneko mudzaphunzira mmene mapaipi amayendera ndi kukula kwa chinthu chilichonse. Koma kumbukirani kuti mutu woima panja zaka zambiri umachita dzimbiri la mvula ndi dzuwa, losiyana ndi litsiro la mutu umene ukudya malasha tsiku ndi tsiku. La mutu wamoyo litengeni pa chithunzi chanu chija.

Kachitidwe kake nkotere. Sungunulani 33 ndi 62 mu thinala wa penti wa mafuta mpaka zikhale ngati tiyi wopanda mkaka. Pakani mbali imodzi ya thanki, dikirani pang'ono, kenako pukutani ndi thonje lonyowa pang'ono ndi thinala, kukoka molunjika pansi. Zambiri zichoke. Zotsala m'makona ndi kuzungulira timitu ta misomali ndizo mukufuna. Pukutani kwambiri pa nambala, popeza anthu a ku shedi yosungira mitu ya sitima ankapukuta pamenepo kuti iwerengeke ngakhale mutu wonse uli bii. Zikauma, tengani ufa wokalambitsira, kapena choko cha ojambula chopala pa sandipepa: wakuda pamsana, wofiirira pansi, wotuwa pa phulusa. Bulashi ikhale youma, ndipo muyambe mwaigwedezera pa pepala. Pa mikono ya mawilo pakani Humbrol 53, wa mtundu wa chitsulo, wosakaniza ndi kadontho ka vanishi wonyezimira. Pomaliza pakani pensulo yofewa m'mphepete mwa masitepe ndi pa zogwirira, pamene nsapato ndi manja zinkapukuta mpaka chitsulo kuwala.

Chitani mbali imodzi, muisiye mpaka m'mawa, muione pa kuwala kwa dzuwa pafupi ndi chithunzi, mutaima patali ngati mita imodzi. Usiku pansi pa nyali diso limanama, limati onjezera. Kuonjezera mawa n'kosavuta, kuchotsa ndiye ntchito.

Amene mtima wanu uli pa masitima a kwathu, luso ndi lomweli, chosintha ndi muyeso. Njanji za Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa n'zotalikirana mamilimita 1,067, choncho pa 1:87 zimafuna njanji za 12 mm, ndipo pa 1:64 zimagwirizana ndi za 16.5 mm zomwezi. Fumbi lake liwonjezereni kufiira.

9. Kubwezera zonse

Magalasi a kanyumba dulani ku pulasitiki yoonekera ya m'mapaketi, mumate ndi guluu woyera amene amauma moonekera. Guluu wa supa amachititsa galasi nkhungu. Ikani woyendetsa ndi wothira malasha atavala zabuluu zofwifwa, chifukwa mutu woyenda wopanda munthu umaoneka wamasiye, komanso anthuwo amabisa mota. Malasha akhale enieni: kulungani kachibenthu m'nsalu, phwanyani ndi hamala, sefani, musankhe timiyala tosaposa njere ya mapira. Kopanda malasha, makala olimba a mtengo amagwira, kungoti sanyezimira, choncho muwadonthezere vanishi pang'ono. Thirani m'nkhokwe mosadzaza, pakati pakhale potsika pamene fosholo yadya, ndipo donthezani guluu woyera wosungunula ndi madzi theka ndi theka, muli kadontho ka sopo wa mbale kuti alowerere. Timiyala tiwiri titatu tigwere padenga ndi pansi pa kanyumba.

Tsukaninso mawilo ndi isopropyl, chifukwa ufa ndi vanishi zimafika kumene simunazitume. Valani magolovesi a nsalu pobwezera bodi, onani kuti waya sanapanikizike, ndipo sikuluu muimange mongokwanira, pulasitiki yakale imang'ambika. Ikani pa njanji, tsegulani magetsi pang'onopang'ono, muione ikunyamuka.

Poisunga, ikulungeni m'pepala lofewa lopanda asidi. Pulasitiki ya timabuluni imasiya madontho pa penti, ndipo siponji ya m'mabokosi akale imafumbutuka n'kumamatira. Ikani kapaketi ka silica gel koyamwa chinyezi m'bokosimo, bokosilo likhale kutali ndi windo la dzuwa ndi denga la malata, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena itatu muziitulutsa iyendeko mphindi khumi kuti oilo asagone.